Masiku asanu ku Cheltenham: akavalo odumpha mipanda ndi masamu a kubetcha

Lolemba, 10 Malichi 2025

Sitima yochokera ku London Paddington imatenga pafupifupi maola awiri kuti ifike pa Cheltenham Spa. Bwalo la akavalo, lotchedwa Prestbury Park, lili kumpoto kwa tawuni m'tsinde mwa phiri la Cleeve Hill, ndipo wapansi kuchokera pasiteshoni ndi ulendo wa pafupifupi ola. Masiku a mipikisano pamakhala mabasi olipira amene amakatula anthu pageti. Malo ogona m'tawuni muno amakwera mtengo moopsa sabata ino, n'chifukwa chake ambiri amagona ku Gloucester, Bristol kapena Birmingham n'kumalawirira pa sitima. Jekete yochindikala musaiwale, mphepo yotsika m'phirimo siseka ndi munthu.

Kuyambira mawa mpaka Lachisanu kuli Cheltenham Festival, sabata ya chaka ndi chaka ya akavalo odumpha ku England: mipikisano 28, isanu ndi iwiri patsiku. Woyamba umayamba 1:20 masana, waukulu wa tsikulo 4:00, yomwe kwathu ku Malawi ndi 6:00 madzulo.

Zodumpha zilipo za mitundu iwiri. Ma hurdle ndi timipanda tatifupi, topitirira pang'ono mita imodzi, ndipo kavalo akatigunda timapendama. Mipanda ya chase ndi ina: nthambi za mtengo wa birch zomangidwa mothinana, yosachepera mita 1.37, ina ili ndi ngalande kutsogolo kwake. Kavalo akauwomba ndi chifuwa mpanda wotere, liwiro lonse limathera pomwepo, mwinanso wokwera n'kupezeka ali pansi. Bwalo lenileni limazungulira chakumanzere, limakwera n'kutsika, ndipo pomaliza pali chitunda chimene chaliza anthu ambiri. Kavalo amene amawina pa bwalo lathyathyathya ngati la Kempton sikuti awinanso pano.

Amene anazolowera kubetcha mpira amadziwa ma odds olembedwa 1.50 kapena 3.20. Kuno pa mabolodi a obetchetsa amalemba mwina. Mtengo wa 5/1 ukutanthauza kuti pa paundi iliyonse mupindula zisanu, ndipo yanuyo ibwereranso: ndi 6.00 ya pa mpira. Mtengo wa 1/2 ndi 1.50, muike £10 mulandire £15. Tanthauzo lake lenileni ndi ili: kavalo wa 1/2 ayenera kuwina kawiri pa katatu kalikonse kuti inu mungobweza zanu, osapindula kanthu.

Kabuku ka mipikisano kali ndi manambala ndi zilembo pambali pa dzina la kavalo aliyense, ndipo amawerenga kuchokera kumanzere, za posachedwa zili kumanja. Nambala ndi malo amene anathera. F ndiye kuti anagwa, U anagwetsa wokwera, P wokwera anamuimitsa asanamalize, B anapunthwa pa mnzake amene anagwa. C akusonyeza kuti anawinapo pa bwalo lino, D pa mtunda womwewu. Pa akavalo odumpha, zilembozi n'zofunika kuposa manambala.

Za mawa, maso onse ali pa Constitution Hill wa mphunzitsi wa akavalo Nicky Henderson mu Champion Hurdle. Sanagonjepo pa ma hurdle, anawina mpikisanowu mu 2023, chaka chatha anadwala osabwera. Koma mu Januwale pa bwalo lomwe lino anagunda hurdle yomaliza mpaka anthu mitima inali m'mwamba, ngakhale anawinabe. Amadumpha mofulumira komanso motsika kwambiri, ndipo luso limenelo ndi lomwe lingamugwetse. Pa mtengo wosafika ndalama yobwereza kawiri, ife tikuti muonerereni chabe. Akavalo alimo asanu ndi awiri okha, kotero kubetcha kwa each-way, kumene kumalipira ngakhale kavalo atangothera m'malo oyambirira, kukulipira malo awiri basi.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tepi yotchinga akavalo poyambira itangokwera pa mpikisano woyamba, khamu lonse linakuwa nthawi imodzi. Ndi mwambo wa pano, ndipo phokosolo limamveka ngakhale kwa amene akadali pamzere kugeti. Nthaka yalengezedwa kuti ndi good to soft, kunena kuti yofewa pang'ono koma yosamiza ziboda. Mawu amenewa muziwayang'ana m'mawa uliwonse musanatulutse ndalama. Alipo akavalo amene amathamanga bwino m'matope okha, pa nthaka youma amangosowa chochita, ena ndi mosemphanitsa.

Kopek Des Bordes wa Willie Mullins anawina Supreme Novices' Hurdle pa 4/6, Paul Townend ali pamsana. Chaka chino mpikisanowu wapatsidwa dzina la Michael O'Sullivan, wokwera wachinyamata wa ku Ireland amene anamwalira mu Febuluwale atagwa pa bwalo la Thurles.

Tikiti imene inali m'matumba a anthu ambiri lero ndi yophatikiza akavalo anayi odaliridwa: Kopek Des Bordes pa 4/6, Majborough pa 1/2, Lossiemouth pa 4/6 ndi Constitution Hill pa 1/2. Mukachulukitsa mitengoyo mupeza 6.25, ndiye kuti £10 ibweretsa £62.50. Koma werengani mobwerera. Mtengo wa 6.25 ukunena kuti tikiti yotere imalowa pafupifupi kamodzi pa kasanu ndi kamodzi. Mayina anayi aakulu amapusitsa maso, munthu n'kumaona ngati ndalama zili kale m'thumba, pomwe akuwerengera madzi a mphutsi.

Tikitiyo inafera pa mpikisano wachiwiri. Mu Arkle munali akavalo asanu okha. Majborough, amene mphamvu ali nazo zochuluka koma kudumpha sanakhwime, anawomba mpanda wachiwiri kuchokera kumapeto mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza udzu. Jango Baie wa Henderson, amene anali kumbuyo kwenikweni akulowa m'njira yomaliza, anawadya onse pachitunda n'kuwina pa 5/1. Majborough anathera pachitatu. Phunziro lake ndi la chaka chilichonse: novice ndi kavalo amene wayamba nyengo yomwe ino kudumpha mtundu umenewo wa mipanda, ndipo kwawo amakhala atapikisana ndi anzake atatu kapena anayi pa liwiro lofatsa. Pano amamuthamangitsa kuyambira poyambira, ndiye zofooka zimaonekera.

Lossiemouth anawina Mares' Hurdle mosavuta. Kenaka 4:00 inakwana.

Champion Hurdle ndi mtunda wa mamailosi awiri, ma hurdle asanu ndi atatu. Constitution Hill anagwa pa yachisanu, bwalo lonse linangoti zii. Brighterdaysahead wa Gordon Elliott, amene pa Khirisimasi ku Leopardstown anasiya State Man kutali, anatopa akukhota komaliza. State Man, mwini chikho wa chaka chatha, anatsala yekha kutsogolo, n'kudzagwa pa hurdle yomaliza yeniyeni. Wotola zonse anali Golden Ace wa Jeremy Scott pa 25/1, wokwera Lorcan Williams, wachiwiri Burdett Road pa 66/1, wachitatu Winter Fog pa 150/1. Kunena zoona, Golden Ace si kuti anangotulukira: chaka chatha anawina pano pa mpikisano wa akavalo aakazi, mwezi watha anagonjetsa Burdett Road yemweyu ku Wincanton, ndipo monga wamkazi amanyamula katundu wochepera makilogalamu atatu poyerekeza ndi aamuna. Koma palibe amene anganene kuti akanawina awiri aja akanaima. Amene anabetcha Winter Fog pa each-way abwerera manja ali m'khosi, pakuti malo olipira anali awiri.

Mawa kuli Jonbon mu Champion Chase. Wawina mipikisano ya Tingle Creek ku Sandown ndi Clarence House ku Ascot nyengo ino, koma pa sabata ya Malichi pano sanawinepo: anakhala wachiwiri mu 2022, wachiwirinso mu 2023, chaka chatha sanabwere. Mipanda 13 pa mamailosi awiri sipereka mpata wokonza cholakwa.

Lachitatu, 12 Malichi

M'mawa kunagwa chipale chofewa mpaka Cleeve Hill anayera, koma pofika masana chinali chitasungunuka ndipo mipikisano inayamba pa nthawi yake.

Musanabetche pitani kaye ku bwalo laling'ono lozungulira kumene amaonetsa akavalo mphindi zochepa asanapite koyambira. Matikiti a Club ndi Tattersalls amakufikitsani kumeneko, ya Best Mate, yomwe ndi yotsika mtengo, ili tsidya lina la njira. Muyang'ane thukuta loyera ngati thovu pakhosi ndi pakati pa miyendo ya kumbuyo, makamaka tsiku lozizira ngati la lero: kavalo wotere akuwotcha mphamvu asanathamange. Amene akuvina, kukoka womugwira, kuponya mutu uku ndi uku, kawirikawiri amakakananso kumvera pa mpikisano. Mumafuna woyenda momasuka, ubweya ukuwala, phazi la kumbuyo likuponda pomwe lachoka lakutsogolo kapena kupitirira.

Ballyburn, wa 4/7 mu Brown Advisory, wasonyeza chomwe kukoka kumachita. Mpikisano wa mamailosi atatu umafuna kavalo wodekha, koma iye analimbana ndi zingwe kuyambira pachiyambi, anagundanso mpanda kwambiri, ndipo pachitunda analibe chotsala. Anawina ndi mnzake wa m'khola limodzi, Lecky Watson, pa 20/1. Apa pali chinthu choti muchigwire: Mullins amalowetsa akavalo angapo mu mpikisano umodzi, ndipo amene wakweredwa ndi Townend ndiye woyamba m'maganizo a khola. Enawo mitengo yawo imatalika kuposa mmene luso lawo lilili, chifukwa anthu amangotsata wokwera.

Jonbon, pa 5/6, sananyamuke bwino, ndipo chapakati anawomba mpanda mpaka anatsalira kumbuyo kwenikweni. Anayesetsa n'kufika pachiwiri, koma Marine Nationale wa Barry Connell anali atapita, kusiyana kwake utali wa akavalo 18. Mtengo wake unali 5/1, wokwera Sean Flanagan. Kavalo ameneyu ndi amene malemu O'Sullivan anawinira Supreme mu 2023. Mu mpikisano wotsatira, Jazzy Matty, kavalo winanso amene O'Sullivan anawinira pano chaka chomwecho, anatenga Grand Annual. Anthu a ku Ireland ambiri anali akupukuta misozi.

Pa nkhani ya ndalama, awiriwa ali ndi chofanana chimene chinalembedwa m'kabuku: onse anawinapo kale pa sabata ya Malichi pano zaka za m'mbuyo. Ku Cheltenham chizindikiro chimenechi chimalemera kuposa kuwina katatu kwina.

Lachinayi, 13 Malichi

Lero njira yasintha. Masiku awiri oyamba amathamangira pa Old Course, awiri otsiriza pa New Course. Ndi malo amodzi, koma Old Course ndi yokhota msanga ndipo imakomera waliwiro amene ali kutsogolo, pomwe New Course ili ndi njira yomaliza yotalikirapo, ma hurdle ochepa chakumapeto, kotero imafuna mapapo. Kavalo amene amayamba mochedwa n'kumaliza mwamphamvu ali ndi mwayi wokulirapo lero ndi mawa.

Ndi tsikunso la ma handicap ambiri. Pa mpikisano wotere kavalo aliyense ali ndi nambala ya luso imene akuluakulu a masewerawa anamupatsa, ndipo wa nambala yokwera amanyamula katundu wolemera. Katunduyo ndi wokwera, chishalo ndi timapale ta mtovu toika m'nsalu ya pansi pa chishalo. Amalemba mu stone ndi ma pound: stone imodzi ndi ma pound 14, kapena makilogalamu 6.35, ndiye 11-7 ndi makilogalamu 73. Wokwera wophunzira amachotseredwa ma pound 7, 5 kapena 3 malinga ndi mipikisano imene wawina. Chimene mukufunafuna ndi kavalo wamng'ono msinkhu, wothamanga kochepa, amene luso lake likukula mofulumira kuposa nambala yake.

Apa ndi pomwe each-way imagwira ntchito. Ndi mabetcha awiri pa tikiti imodzi, lina loti awina, lina loti alowa m'malo olipira, kotero £5 each-way ndi £10. Pa handicap ya akavalo 16 kapena kuposa, lamulo lozolowereka ndi malo anayi pa gawo limodzi mwa anayi a mtengo. Kavalo wa 20/1 akathera pachitatu, £5 ya kuwina yadyedwa, £5 inayo ilipidwa pa 5/1, mulandira £30. Makampani ena amalengeza malo asanu kapena asanu ndi limodzi koma pa gawo limodzi mwa asanu, ndiye kavalo yemweyo abweretsa £25. Obetchetsa a pabwalo aliyense amalemba zake pa bolodi, muwerenge musanapereke ndalama, ndipo muyende mzere wonse chifukwa 7/1 apa akhoza kukhala 8/1 patsogolo pang'ono. Doddiethegreat wawina Pertemps Final pa 25/1, Caldwell Potter wa Paul Nicholls watsogola kuchokera koyambira mpaka kumapeto pa 7/1.

Chimene chimadabwitsa achilendo ndi Rule 4. Mukabetcha pa mtengo wa m'mawa kenaka kavalo wina n'kuchotsedwa, amakudulani pa phindu. Wochotsedwayo akakhala wa 2/1 amadula 30p pa paundi iliyonse, akakhala wa 10/1 amadula 5p. Si kuba, mpikisano umakhala wapepuka.

Fact To File wawina Ryanair Chase pa 6/4 ngati akusewera, Mark Walsh osafuna n'chikwapu chomwe. Mu Stayers' Hurdle Teahupoo, wodaliridwa pa 7/4, wagonja kwa Bob Olinger wa Henry de Bromhead pa 8/1, wokwera Rachael Blackmore, amene anawinanso mpikisano woyamba wa lero pa Air Of Entitlement. Bob Olinger ali ndi zaka khumi ndipo aka n'kachitatu kuwina pa sabata ya Malichi pano m'moyo wake. Chilembo C chija.

Lachisanu, 14 Malichi

Tsiku la Gold Cup ndi lodzaza kuposa onse. Mizere ya mabasi pasiteshoni imatalika isanakwane 11 koloko, ndipo intaneti ya pafoni imavuta pabwalo anthu akachuluka, kotero wobetcha pafoni achite zake asanalowe. Ndalama ya tsikulo muipatule m'mawa, muigawe pa mipikisano imene mwasankha, khadi la kubanki likhale la chakudya ndi sitima basi. Anthu ambiri amadyedwa kwambiri pa mipikisano iwiri yomaliza, pofuna kubweza za sabata yonse pa mipikisano ya akavalo ambirimbiri, yomwe ndi yovuta kwambiri.

Mpikisano woyamba, Triumph Hurdle, wa akavalo a zaka zinayi, unatengedwa ndi Poniros pa 100/1, wokwera Jonjo O'Neill Jr. Kavaloyu anali asanadumphepo hurdle pa mpikisano uliwonse, anachokera ku mipikisano yopanda zodumpha. Ndi wa Mullins, mmodzi mwa gulu lalikulu limene analowetsa. Lulamba ndi East India Dock, amene anthu anathira ndalama, anatsatira pambuyo. Palibe kawerengedwe ka kabuku kamene kakanakupatsani dzina limeneli, ndipo amene akuuzeni madzulo ano kuti analiona kale, mufunseni tikiti.

Gold Cup ndi mamailosi atatu ndi ma furlong awiri ndi kanthu pang'ono, kupitirira makilomita asanu, mipanda 22. Furlong imodzi ndi mamita 201. Pabwalo pali ziboliboli za akavalo amene analamulira mpikisanowu: Golden Miller anawina kasanu kuyambira 1932 mpaka 1936, Arkle katatu kuyambira 1964, Best Mate katatu kuyambira 2002. Galopin Des Champs, mwini chikho mu 2023 ndi 2024, amafuna kulowa m'gulu limeneli, ndipo nyengo ino anali atawina kawiri ku Leopardstown. Mtengo wake unali 8/13, kutanthauza kuti msika umamupatsa mwayi wa magawo 62 pa 100.

Chizindikiro chotsutsa chinalipo kwa wofuna kuona. Inothewayurthinkin wa Gavin Cromwell sanali m'kaundula woyamba wa mpikisanowu. Mwini wake, JP McManus, analipira £25,000 kuti amulowetse mochedwa, ndipo ndalama yotere munthu saponya pa kavalo wongodzaza nambala. Chaka chatha kavaloyu anawina Kim Muir pa New Course yomweyi, pa mtunda pafupifupi womwewu, ndipo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pomwe Galopin ali ndi zisanu ndi zinayi. Ku Leopardstown anagonja kwa Galopin, inde, koma kumeneko mtunda ndi wofupikirapo ndipo kulibe chitunda chotere.

Galopin sanadumphe momasuka gawo loyamba, Townend amachita kumukumbutsa. Anafikabe kutsogolo akukhota komaliza, khamu n'kuyamba kukuwa, koma Mark Walsh anali pambali pake zingwe zili zolimba m'manja. Atadumpha mpanda womaliza Inothewayurthinkin anangochoka, n'kuwina ndi utali wa akavalo asanu ndi mmodzi pa 15/2. Gentlemansgame anakhala wachitatu. Corbetts Cross anagwa chakumapeto ndipo sanapulumuke, monganso Springwell Bay dzulo. Mukaona matenti obiriwira akuimikidwa pafupi ndi mpanda, dziwani kuti madokotala a ziweto ali pantchito, ndipo si nthawi zonse pamene kavalo amadzuka.

Amene anaika £10 pa aliyense wa akavalo asanu ndi awiri aja a mtengo wochepera kubwereza kawiri, Kopek Des Bordes, Majborough, Lossiemouth, Constitution Hill, Ballyburn, Jonbon ndi Galopin Des Champs, watulutsa £70 n'kulandira £33.33. Mullins yekha wawina mipikisano khumi, makola a ku Ireland 20, a ku Britain 8, koma mwa khumi akewo muli wa 20/1 ndi wa 100/1, ndiye kudziwa khola lokha sikunathandize aliyense.

Mabolodi ayamba kale kulemba mitengo ya Grand National ya ku Aintree pa 5 Epulo, ya mipanda 30, ndipo dzina la Inothewayurthinkin lili pamwamba, mtengo wafupika kwambiri chifukwa katundu wake anamuikira asanawine lero. Kubetcha kwa masabata angapo mpikisano usanafike amakutcha ante-post, ndipo lamulo lake ndi louma: kavalo akapanda kuthamanga, ndalama yadyedwa. Kavalo amene wangothamanga Gold Cup ali ndi masiku 22 okha opumula, ndipo eni ake sanatsimikize kuti apita. Ngati tikiti ilibe mawu akuti non-runner no bet, kutanthauza kuti ndalama ibwezedwa kavalo akapanda kuthamanga, dikirani mndandanda womaliza wa akavalo othamanga.